Ababa Sakuona, Koma Akufuna Kuyendetsa Dona

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani za masitolo. Nkhani yandibweretsa kwa inu ndi ya bambo anga ondibereka. Ndinawalumbirira kuti sindidzauza munthu. Inu sindikukuwerengerani, poti simuwadziwa.

Ababa anayendetsa mabasi moyo wawo wonse mpaka anapuma pa ntchito. Amayi atatisiya, nkhalamba ija inangoti khuma pakhonde, tiyi kuzizirira m'kapu, wailesi ikudzilankhulira yokha. Ife ana tinkaona kuti nawonso ayamba ulendo wotsatira mkazi wawo. Chinawadzutsa ndi gulu lina la anthu okonda mabasi akale. Muli madalaivala opuma, amakanika, namwino, mphunzitsi wopuma amene ndi wapampando wathu, ndi ena oti ngakhale sipanala anaidziwira momwemo. Palibe amalandira malipiro. Loweruka lililonse amakumana mu shedi ina kuseri kwa depoti yakale, n'kumadzutsa mabasi amene eni ake anawataya kalekale. Anthu odutsa amati ndi amisala. Mwina akunena zoona, koma misala imeneyi ndi imene inandibwezera bambo anga.

Tsiku lina gululi linakoka basi ina kuchokera kumene amatayako zitsulo. Inalibe magalasi, pansi pake patamera udzu, pa mpando wa dalaivala nkhuku zikuikira mazira. Ababa atangokwera anapisa dzanja kunsi kwa chiwongolero, n'kuyamba kulira ngati mwana. Anapeza kabowo kamene anaboola okha ali mnyamata kuti azikolekapo chipewa. Inali basi yawo yoyamba, yomwe anakumaniramo ndi amayi. Amayi ankaikwera m'mawa uliwonse popita ku ntchito, ndipo ankakhala mpando wa kumbuyo kwa dalaivala mpaka dalaivalayo analimba mtima n'kuwafunsa dzina. Basiyo ababa anaitcha Dona, ati chifukwa kale sinkalira m'mawa usanainyengerere.

Papita zaka tsopano akumupala dzimbiri Dona ameneyu. Inenso anandikokeramo. Anati, "Iwe tsiku ndi tsiku umalemba 'Pano tikugulitsa simenti', ungalephere kulemba pa Dona?" Ndiye Loweruka ndimavala ovolosi, ndimatenga maburashi anga, n'kukakhala nawo amisala anzanga, girizi mpaka m'makutu.

Gululi lili ndi mwambo wake. Basi ikatha kukonzedwa amaitulutsa mu shedi pamaso pa mabanja onse, aliyense n'kukwera, akazi, amuna, ana ndi adzukulu, n'kuzungulira nayo mumzinda. Woyendetsa ulendo woyambawo amakhala amene waivutikira basiyo kuposa onse, ndipo amavekedwa chipewa chakale cha dalaivala chimene chimakhala pa msomali kukhoma. Pa mabasi ena pamakhala kukangana. Pa Dona panalibe ngakhale kuvota, onse anangoloza ababa. Tsiku lake ndi kumapeto kwa mwezi uno.

Aphungu, bambo anga sakuona.

Ndinazindikira mwezi watha. Ndinali nditamaliza kulemba bolodi ya kutsogolo kwa Dona, zilembo zoyera pa utoto wakuda, chilichonse chachikulu ngati chikhatho changa. Ndinawaitana kuti adzandiyamikire. Anaima kutsogolo kwa basi, anakweza mutu, anayang'anitsitsa, kenako anandifunsa, "Nanga uyamba liti kulembako?" Ndinaseka, poti ndi munthu wanthabwala. Nditawayang'ana kumaso ndinaona kuti iwo sakuseka.

Apo m'pamene zinthu zina zinayamba kulumikizana m'mutu mwanga. Nyuzipepala anasiya kuwerenga, ati ndi mabodza okhaokha. Munthu akalowa m'nyumba amadikira alankhule kaye ndiye amutchule dzina. Koma ku shedi palibe wazindikira, chifukwa chinthu chimene chikanawaulula ndi chomwecho amawatama nacho. Ababa amapisa dzanja m'bokosi la masipanala osayang'anamo, n'kutulutsa yoyenera. Bawuti amaiyeza ndi zala. Injini amaimva ndi khutu. Wowotcherera zitsulo wathu, amene timamutcha a Mbaliwali, amachita kuitana anzake, "Tabwerani muone madala, ntchito akugwira osayang'ana! Ife tidzafikapo liti pamenepa?" Onse m'manja phwaphwaphwa. Ine ndimangotembenukira kukhoma, podziwa kuti sayang'ana chifukwa kuyang'anako sikukuwathandizanso.

Ndinawakokera kwa dokotala wa maso, iwo akung'ung'udza njira yonse. Anawapeza ndi ng'ala m'maso onse awiri. Dokotala anati n'zochizika ndipo opaleshoni yake si yoopsa, koma odikira ndi ambiri, moti tsiku limene anatipatsa likubwera ulendo wa Dona utadutsa kale. Ananenetsa kuti chiwongolero asachigwire. Titatuluka, ababa anandigwira mkono mwamphamvu n'kunena, "Mwanawe, msewu umenewo ndinayamba kuuyenda iwe usanabadwe. Ndikhoza kuuyenda nditatsinzina. Ukakawauza anthu aja, wandikwirira ndili moyo. Lumbira." Ndinalumbira, Aphungu. Maso awo anali atalengeza misozi, ndikanatani ine?

Musaganize kuti bambo anga ndi munthu wosasamala. Pa moyo wawo wonse sanagundepo ngakhale mbuzi. Dona akanatuluka chaka chatha, koma galasi la nyali imodzi ya kutsogolo linali long'aluka. Ena anati tingomatapo, ulendo wake ndi wa masana. Ababa anakaniratu. Anati, "Basi yoti nyali zake sizili bwino siinyamula ana a anthu. Tidikira." Gulu lonse linadikira miyezi, ena akunyinyirika, mpaka galasi lenileni linapezeka. Ndi munthu wotero. Koma pa nkhani iyi yokha aumitsa mutu.

Pano jekete lawo lakale analichapitsa, lapachikidwa kuseri kwa chitseko. M'mawa amadzuka akuimba. Chimwalirire amayi sindinawaonepo chonchi. Mwana wanga wamkazi wauza kale kalasi yonse kuti adzakhala mpando wa agogo ake aakazi, kumbuyo kwa dalaivala.

Ndichite chiyani? Ndiulule, ndiwaswe mtima, abwererenso pakhonde paja? Kapena ndikhale chete ndingopemphera, poti ulendo wake ndi waufupi ndipo Dona sathamanga? Ndaganizaponso zokamasula waya wa batire m'mawa wa tsikulo kuti basiyo ingokana kulira. Ndimawakonda kwambiri bambo anga, ndipo ndili ndi mantha. Ndithandizeni.

T. N.,
kuseri kwa depoti yakale

Aphungu akuyankha:

Mchemwali wanga,

Tiyambe ndi waya wa batire uja. Musiyeni! Mukufuna kupusitsa shedi yodzaza amakanika? Adzamupeza tiyi asanazizire, adzamumanga, adzaseka, ndipo bambo anu adzatuluka pachipata basi itadzaza ana. Inu mudzangotsala ndi girizi m'manja ndi bodza pakamwa.

Tsopano yankho limene mukulidziwa kale, koma mwafuna kulimva kwa munthu wina: bambo anu asayendetse basi imeneyo ng'ala zili m'maso. Pamenepa palibe zonyengererana. Msewu amaudziwa, sindikukana, koma umene amaudziwawo ndi wa dzana. Sadziwa mwana amene adzadumphire mumsewu kuthamangira mpira, kapena wanjinga amene adzatulukire kuseri kwa lole. Chakudza sichiimba ng'oma. Mukuti Dona sathamanga. Chabwino, koma ndi chitsulo cholemera, ndipo chikagunda munthu sichifunsa kuti chimayenda pang'onopang'ono. Ndipo zitachitika, woyamba kufa ndi chisoni adzakhala bambo anu omwewo, munthu woti sanagundepo ngakhale mbuzi.

Za lumbiro lija, musadzizunze nalo. Munalumbira chifukwa cha chikondi, pakhomo la chipatala, nkhalamba ikulira. Lumbiro loika ana a anthu pangozi silimanga munthu. Komabe musalithyole mozemba. Ulemu wa bambo anu nawonso ndi moyo wawo, inu nomwe munaona mmene anakhalira pakhonde paja. Ntchito yanu ndi kupulumutsa zonse ziwiri, anawo ndi ulemuwo, ndipo n'zotheka.

Pitani kwa iwo poyamba, osati kwa wapampando. Musakambire kunyumba adzukulu akumvetsera kuseri kwa chitseko. Atengeni ku shedi pakati pa sabata, kulibe anthu, mukakhale mu Dona momwemo, iwo pa mpando wawo, inu pa wa amayi anu. Muwauze mosapita m'mbali kuti, "Ababa, ndinalumbira, koma ndabwera kudzabweza lumbiro langa pamaso panu." Mawu oti mwakalamba asatuluke pakamwa panu. Munthu woyeza bawuti ndi zala sanakalambe m'manja. Chimene akuopa si ng'ala. Akuopa kuona chipewa chija pamutu pa wina, iwo ataikidwa pambali ngati tayala lakutha.

Ndiye muwaonetse kuti simukuwalanda chipewa. Chimene mukupempha n'choti tsiku la ulendo lisunthidwe, opaleshoni ichitike kaye. Basi yomwe yakhala zaka ikuikiridwa mazira ndi nkhuku siingafe chifukwa chodikira miyezi ingapo. Kuthamanga sikufika. Ndipo nkhaniyi ku gulu akaikambe okha ndi pakamwa pawo, inu mutangoima pambali pawo. Munthu akaulula yekha amatuluka mutu uli m'mwamba. Akaululidwa ndi wina, ngakhale mwana wake, chilonda chake chimachedwa kupola.

Mubwererenso kwa dokotala uja. Mumufotokozere nkhani yonse, mumufunse ngati tsiku la opaleshoni lingafupikitsidwe wina akalephera kubwera, komanso kuti pambuyo pa opaleshoni padzapita nthawi yotani asanawayezenso n'kuwalola kuyendetsa. Chilolezo chichokere kwa dokotala, osati kwa inu kapena kwa a Mbaliwali. Laisensi yawonso muione ngati ikadali yamoyo. Musawalonjeze bambo anu zimene dokotala sanalonjeze. Ambiri maso amabwerera bwino, koma ngati awo sadzafika poyendetsa basi, gululo lidzapeza njira. Akhoza kudzaliza injini ndi dzanja lawo, n'kusankha okha womuveka chipewa. Koma zimenezo ndi za mtsogolo, musayambe nazo.

Akakana, muwauze kuti muwadikira mpaka Loweruka likubwerali, ndipo likadutsa mukalankhula ndi wapampando panokha. Mukatero muchitedi. Adzakwiya, mwina masiku angapo moni wanu sadzayankha. Pirirani, wakutsina khutu ndi mnansi. Mkwiyo wa kholo umaphwa, makamaka pakakhala mdzukulu wobwera kudzapempha nthano za Dona.

Gulu lanulo musaliope. Ndawerenga kalata yanu ndipo amisala anuwo ndawakonda. Anthu amene amakatola chinthu chimene dziko lonse lataya, n'kuchipala dzimbiri zaka osalandira kalikonse, sangataye mnzawo chifukwa cha maso. A Mbaliwali adzachita manyazi pang'ono pokumbukira m'manja muja ankawomba. Apatseni ntchito yowaperekeza madala awo kuchipatala tsiku la opaleshoni, manyaziwo adzathera pomwepo.

Chenjezo langa ndi ili: musadikire m'mawa wa tsikulo, ana atavala kale, jekete lili pathupi, chipewa chatsika pa msomali. Mukadzalankhula pamenepo ndiye mudzawakwiriradi ali moyo, pamaso pa anthu onse. Pitani sabata ino. Ndipo mukakhala mu Dona muja, musachulutse mawu anu. Ingowakumbutsani za galasi la nyali lija. Muwafunse kuti ndani anaimitsa gulu lonse chaka chatha, ndipo ananena kuti chiyani za ana a anthu. Mukatero khalani chete, muwasiye ayankhe okha.