Mwanapiye Wanu Akaimba, Musayankhe

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga ndi manja awiri. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kuyenda, kapena mukungolikakamiza monga mwa khalidwe lanu? Kuno thupi lili bwino, ndipo adzukulu anu akukula moti nsapato sizichedwa kuwathina. Koma mtima wanga ndiye ukuwira, sindikubisirani.

Mudabwa kuti ndalemba kalata chikhalirecho foni ilipo. Ndakhala ndikuimba pa foni yatsopano imene achimwene anakugulirani, koma ikangolira pang'ono wina amadula. Achimwene sindikuwada ayi, ndikudziwa chimene akuona. Masiku ano nambala yanga ikafika pa foni imene mulibe dzina langa, pamatuluka chenjezo lofiira lonena kuti woimbayo angakhale wakuba. Mwana wanu wachisamba uja, amene ankabweza ngakhale singano yobwereka, makina akumutcha mbava.

Nambala imeneyi ndi yomwe ija ndinalemba ndi penti pakhoma la kasukulu kanga ka mkaka. Ntchito yosunga ana a eni imatsamira pa foni, amayi. Kholo limandisiyira mwana m'mawa mtima uli m'malo chifukwa limadziwa kuti akatentha thupi kapena akagwa, ndiimba ndipo lidzamva. Poyamba sindinadziwe kuti zinthu zavuta. Anthu ofunsa malo a ana awo ndikawaimbira sankayankha, ine n'kumati anthu a m'tauni ndi amwano basi. Nkhawa yanga inali pa denga lodontha ndi pa mwininyumba amene amangolonjeza.

Sabata yatha ndiye ndinaona zakuda. Ndimasunga kamtsikana kena, mwana wa dalaivala wa basi, kamene kamadwala mphumu. Titangomaliza nyimbo za m'mawa kanayamba kubanika. Ndinathamangira ku chikwama chake kukafuna kamankhwala kopopera m'kamwa, koma ndinangopezamo botolo la madzi ndi sokosi imodzi. Mayi ake amasoka zovala pa fakitale pomwe mafoni amawasiyitsa pageti, choncho ndinaimbira bambo ake. Anadula. Ndinaimbanso, anadulanso. Ndinalemba uthenga, koma foni yawo inangouponya komwe imataya mauthenga achabechabe. Ndinaimba ndi kuimbanso, mwana ali pamiyendo panga akukoka mpweya ngati mluzu, milomo itayamba kuda.

Ndinathamangira kwa wometa wa khomo loyandikana ndi langa n'kumulanda foni m'manja, kasitomala wake ali mutu theka. Pa foni ya wometa bambo aja anayankha isanamalize n'komwe kulira koyamba. Kamankhwala kaja kanali m'thumba la jekete yawo, ndipo basi yawo inali itadutsa pamphambano yathu nthawi yomwe ankandidulayo. Tsopano anali kutali, basi itadzaza anthu. Ana enawo ndinasiyira mkazi wa wometa, ine n'kubereka kamtsikanako kuthamangira kuchipatala. Kali moyo, amayi, pumani. Koma anamwino anandiyang'ana ndi diso londifunsa kumene ndinali nthawi yonseyi.

Zoona zake ndinazimva pabenchi ya pachipatalapo. Bambo aja anati anaona chenjezo lofiira, ndipo akazi awo anali atawauza kale kuti kuli akuba amene amaimba n'kumanama kuti mwana wadwala. Mayi wa mwanayo, ulusi wa kufakitale udakali pamalaya, anaphimba kumaso n'kuyamba kulira. Anati amene anamuchenjeza ndi mng'ono wanga.

Inde amayi, mwanapiye wanu uja, mwana wa malemu mng'ono wanu, amene munamulera kuyambira ali wakhanda. Ndine ndinamuitana kuno. Anagona pabedi panga, anavala zovala zanga, ndinamuphunzitsa kumanga thewera ndi kutonthoza mwana wolira. Ndinamuika pakhomo kuti azilandira ana m'mawa, moti makolo anazolowera nkhope yake kuposa yanga. Atachoka n'kukatsegula kasukulu kake tsidya lina la msewu, penti yake n'kutengera mtundu womwewo wa kwanga, sindinadandaule. Ndinamupatsanso timipando tina kuti ayambirepo. Ndinkati ana ndi ambiri, tonse tidya.

Koma iye ankadikirira makolo anga pokwerera basi. Ankawauza monong'ona kuti nambala yanga aiba akathyali, ndipo ine ndikuchita manyazi kunena, ndiye asandifunse kuopa kundikhumudwitsa. Kenako ankapempha foni zawo ngati wowathandiza, n'kudina yekha ponenezera kuti nambalayi ndi ya akuba. Anzake a kukwaya nawonso anawadinitsa. Amayi, munalera munthu wanzeru, kungoti nzeru zake anazinolera pa ine.

Ndinaimbira a kampani ya mafoni. Anandidikiritsa ndikumvera nyimbo mpaka khutu kutentha, kenako mtsikana wa mawu okoma anandifotokozera kuti anthu ambiri akaneneza nambala, makina amangokhulupirira, safunsa mwini wake. Anati aona chochita, koma tsiku sangalitchule. Anandilangiza kuti ndingosintha nambala. Ndisinthe ine? Nambala imene agogo a ana anaiphunzira pamtima, imene ili pakhoma kuyambira tsiku lotsegula, ndiitaye ngati ndine ndalakwa? Ndakana, ndipo ndikanabe.

Pakali pano misomali yopachikapo zikwama za ana yambiri ili yokhayokha. Makolo ena anasamutsira ana awo tsidya lija nkhaniyi isanaululike, ena achoka atamva kuti mwana anatsala pang'ono kufera m'manja mwanga. Safunsa kuti zinayamba bwanji. Kamtsikana kaja tsopano kakukhala ndi agogo ake. Zikapitirira chonchi nditseka, ndipo ndidzatseka ndi dzina la mbava yosasamala ana.

Ndinawoloka msewu kukamufunsa. Ndinamupeza akusesa pakhonde, akuimba nyimbo ya kukwaya. Anati iye ankangochenjeza anthu, za makina sazidziwa, ndipo ngati bizinesi yandikanika ndisafune womukankhira. Za mwana wodwalayo sanafunse ngakhale mawu amodzi. Nditatembenuka anandiponyera mawu kumsana akuti ndikanene kulikonse, amayi amamumvetsa iyeyo. Amenewo ndiwo mawu amene andilembetsa kalatayi.

Wometa atamva anapsa mtima kuposa ine. Anati aliyense wokhala pampando wake azidzuka atadina nambala ya mng'ono wangayo, ndipo Loweruka lisanafike idzakhala itafiira kuposa yanga. Ndinakondwa, amayi, sindinama. Ndinatulutsa foni yanga kuti ndiyambe ndine, chala chili pomwepo. Ndiye ndinayang'ana pawindo n'kuona tinsapato ta ana titandandalikidwa pakhomo pake. Ndimatidziwa tonse. Tofiira tija ndi ta kamwana kamene kamagwa khunyu, ndipo bambo ake ndi mlonda amene salemba dzina la munthu aliyense mufoni. Ndinabweza foni m'thumba n'kumuuza wometa kuti asiye. Musaganize kuti ndinamumvera chisoni mwanapiye wanuyo. Ndikanapeza njira yomufinya yekha popanda kukhudza ana, bwenzi nditamufinya kalekale.

Njirayo ndaipeza, ndipo ili m'manja mwanu. Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi amakuimbirani, ndikudziwa, ndipo amadalira mawu anu kuposa chakudya. Pempho langa ndi limodzi lokha. Akaimba, musayankhe. Musadulenso ayi. Ikani foniyo patebulo, muisiye ilire mpaka itope yokha. Aimbenso, ilirenso. Achimwene asayankhe, alamu asayankhe, ngakhale adzukulu asaikhudze. Ndikufuna aime ndi foni kukhutu, akudzifunsa ngati mwadwala, ngati mwagwa, ngati muli moyo. Alawe pang'ono chabe zimene ndinalawa ine ndi mwana wa eni pamiyendo.

Ndikudziwa kuti zikupwetekani. Mudzati ndi wamasiye, mudzati mkulu amapirira. Ndapirira, amayi, ndipo kupirira kwangako kunatsala pang'ono kuika mwana m'manda. Sindikuti mumutaye. Tsiku limene adzaime pakhomo la kasukulu kanga m'mawa, makolo akusiya ana, n'kunena ndi pakamwa pake zimene anachita, n'kuyenda foni ndi foni kufufuta zimene anadina, ndidzakuuzani ndekha kuti mumuyankhe. Tsikulo lisanafike, mukamuyankha ndidzadziwa kuti ananena zoona, kuti mumamumvetsa iyeyo.

Mundiperekere moni kwa achimwene, muwauze kuti sindinawasungire kanthu kukhosi. Moni kwa alamu anga, kwa azakhali, kwa amalume ndi ana onse a pakhomopo. Adzukulu anu akuti mubwere mudzaone mano awo atsopano. Moni wanu wopita tsidya lina la msewu musanditume, sindikafikitsa.

Ndidzaimba Lamlungu masana. Mukaona foni yafiira n'kumakuchenjezani kuti ndi mbava, imeneyo yokha muyankhe, amayi. Ndine.

Tsalani bwino,
Mwana wanu wachisamba