Mpesa wa Atate

Matero, Lusaka
26 Novembala 1978

Okondedwa Atate,

Ndikhulupirira muli bwino kuntchito yanu ya njanji ku Mpika. Kuno tili bwino, ndipo mayeso tamaliza Lachisanu. Koma pali nkhani imene ndakubisirani m'makalata awiri. Ndi ya mpesa wanu, uja munati munthu asaukhudze mpaka mutabwera.

Mu Julaye aphunzitsi anatiuza kuti tibweretse masamba a mitundumitundu. Ndinathyola limodzi la mpesa n'kuliika m'buku. Madzulo ake amayi anandituma ku Kamwala, ndipo pobwerera tsambalo linagwa m'basi. Analitola bambo wina woonda, woyererako khungu, wovala jekete lomukulira. Sanandibwezere msanga. Analinunkhiza, kenako analiyang'anitsitsa ngati akuwerenga kalata.

"Mfana, wachotsa kuti ichi?" anafunsa m'Chinyanja chothyokathyoka.

Ankapita ku Lilanda, koma anatsika pamodzi ndi ine. Panjira anandiuza kuti anthu amawatcha ba Mussa, ngakhale si dzina limene mayi awo anawapatsa. Ndi mmodzi wa aja othawa ku South Africa.

Atate, zimene anandisimbira sizichoka m'mutu mwanga. Akuti kwawo mipesa imandandalika m'mizere kuyambira kumsewu mpaka kukagunda mapiri, ndipo ungayende tsiku lonse osaona phesi la chimanga. Nyengo yofinya mphesa chigwa chonse chimanunkha vinyo, ndi malaya a ana omwe. Iwo anayamba kudulira mipesa ya mzungu ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, koma sanakhalepo ndi wawowawo ngakhale umodzi. Ine ndinkangomvetsera, mpaka ndinapitirira njira yakwathu.

Ataona wathu, mmene unakutira mpanda ndi denga la bafa, anagwira pakamwa. Ndinawauza kuti watha zaka zisanu ndi ziwiri osabala. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mumaumvera chisoni kwambiri, ndiye vuto. Bweretsa mpeni."

Ndinabweretsa, Atate. Palibe amene anandikakamiza. Manja awo ankayenda ngati ali ndi maso. Pa nthambi iliyonse ankagwira chala changa, kundikhudzitsa timfundo tiwiri, n'kudula pamwamba pake. Pomaliza panatsala thunthu lokha ndi timikono tiwiri, madzi akudontha m'mabala.

Amayi atafika kuchokera kumsika anagwetsa dengu. "Edwell! Mwana iwe watipha! Udzawauza chiyani atate ako? Taona, mtengo ukulira!"

Ba Kapembwa, anansi athu aja, anasuzumira pampanda wawo. "Iwe mwaiche, mwayamba kugulisa nkuni? Tipaseniko zibili!"

Ba Mussa anavula chipewa pamaso pa amayi. "Mama, yembekezani kutentha," anatero, n'kupita.

Masabata asanu panalibe kanthu. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkagwada pathunthupo, ndipo ndinayamba kukonza mawu okuuzirani kuti ndapha mpesa wanu. Ndiyeno tsiku lina timfundo tija tinatupa, tinang'ambika, munatuluka kanthu kaubweya ngati khutu la mbewa. Ndinachedwa kusukulu tsiku limenelo, ndipo chikoti sindinachimve n'komwe.

Atate, mpesa wanu wabala. Pali matsango makumi awiri ndi atatu, olemera, akuda bii, ndipo dzuwa likawomba mumaoneka njere m'kati. Amayi analawa mphesa imodzi, n'kukhala pansi. Ba Kapembwa tsopano amabwera ndi alendo awo kudzaonetsa, n'kumanena kuti iwo anadziwa kale.

Ndapita ku Lilanda katatu kukafuna ba Mussa. Ndikatchula dzinalo anthu amandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti samudziwa munthu wotero. Mwina akuluakulu awo anawatumiza kwina. Sanaone chimene anachita.

Ndinalakwa kusamvera mawu anu, ndipo ndinalakwanso kubisa. Mukafuna kundilanga ndilandira. Koma ndikupempha chinthu chimodzi: Julaye akadzafika, mudzandilole ndidulire ndekha. Chala changa chikukumbukira.

Amayi akupereka moni. Akuti ndisakuvutitseni za kubwera, poti ntchito ndi ntchito. Ine sindikuvutitsani. Ndikungokuuzani kuti mvula yayamba ndipo mbalame zadziwa. Matsango awiri aakulu ndawaveka timatumba ta pepala. Limodzi ndi la ba Mussa, ngati angadutsenso. Linalo ndi lanu, ndipo ndikuganiza kuti lingapirire masabata awiri okha.

Ndine mwana wanu,
Edwell