Anadina batani ndi mayi a pakauntala, koma msampha ndinatchera ndine

Aphungu,

Dzulo masana alamu anga, achimwene a mkazi wanga, anauza mayi amene amagwira pakauntala m'shopu mwawo kuti Lachisanu ndi tsiku lawo lomaliza. Anawauza makasitomala akumva. Mlandu wake ndi wakuti awononga webusayiti. Sanawononge iwo.

Ine ndimapanga mawebusayiti, chino ndi chaka cha khumi ndi chimodzi. Ndi ntchito yokhala pampando mpaka msana kuuma, lero akuti "kulitsani dzina lathulo," mawa akuti "mwalikulitsa kwambiri." Zaka zitatu zapitazo alamuwa, amene amagulitsa ndi kukonza makina osokera, anandipempha kuti ndiwapangire bulogu yolembapo malangizo kwa atelala. Ndinatenga thimu yopangidwa kale, ndiye kuti chovala cha tsambalo: mitundu, zilembo, malo okhala zithunzi. Mwambo wa ntchito yathu ndi wakuti thimu yotere suyisintha mwachindunji. Umapanga kathimu kena pambali, timakatcha mwana, n'kuikamo zosintha zako zonse, kuti eni thimu akatulutsa yatsopano zako zisafufutike. Sabata imeneyo ndinali ndi ntchito zina zinayi, ndipo alamu ankaimba foni ola lililonse: "Injiniya, kodi mukuumba njerwa kumeneko?" Ndinasintha m'mafayilo enieniwo, n'kudziuza kuti mwanayo ndipanga Loweruka. Loweruka limenelo silinafike.

Powaphunzitsa mayi aja kuika nkhani pabulogu, ndinawauza ndi pakamwa pangapa: "Mukaona kachizindikiro kofiira pakona apa muzidina, ndi ka apudeti, kamateteza tsamba kwa akuba." Analemba m'kope mwawo. Lolemba lapitali kanaoneka, iwo anadina. Mitundu, mndandanda wa mitengo ya makina, fomu yoodera, zonse zinapita, kunangotsala tsamba loyera ngati chipupa cha chipatala. Tsiku lomwelo alamu anali atangotumiza adiresi ya tsambalo kusukulu ina ya zosoka imene ikufuna makina makumi awiri.

Atandiimbira ndinangoti, "Ndiona." Iwo anati, "Ndikudziwa si inu alamu, ndi zala za mayi awazi." Sindinawatsutse.

Nkhani zonse za pabulogu zilipo, ndipo ndinasunga mafayilo akale. Masiku awiri ndibweza zonse. Mkazi wanga akuti, "Ingokonzani mwakachetechete, achimwene mtima ukatsika mayiwo awabweza okha pantchito." Mwina. Koma mayiwa akhala pakauntala paja zaka zisanu ndi zinayi, ana awo awiri ali kusekondale. Kuchibale kwa mkazi wanga ndine amene sindilakwitsa kanthu, ndipo kunena zoona ndatopa, mphamvu ya mkangano ndilibe. Nditani?

W. K., kuno kutauni

A W. K.,

Mwalemba ngati munthu wozolowera kufufuza pamene pali vuto, choncho tiyeni tingoona zimene mwapeza. Mayiwa anachita zimene munawauza, umboni uli m'kope mwawo. Inu munadumpha sitepe imene mumaidziwa bwino. Alamu anu agamula asakudziwa zimenezi, ndipo pamene munakhala chete pafoni paja anamva ngati mwavomera. Kulakwitsa kwa zaka zitatu zapitazo kungamugwere aliyense wopanikizika. Koma kukhala chete kwa sabata inoku n'kumene kukukula tsiku ndi tsiku.

Akazi anu akunena mwachikondi, koma atsamira pa "mwina," ndipo mayi wa ana awiri simungamuuze kuti adikire mtima wa abwana utsike. Ngakhale atabwezedwa pantchito, adzakhala "aja anawononga webusayiti," oopa ngakhale kupukuta kompyuta.

Pitani kushopu mawa m'mawa, musanakonze chilichonse. Mukayamba ndi kukonza mudzalowa ngati mpulumutsi, ndipo lilime lidzalemera. Musatumize uthenga pafoni. Nyamulani laputopu, mukawaonetse alamu fayilo imene munasintha ndi tsiku lake, mayiwo alipo, pakuti nawonso anakalipiridwa pagulu. Mawu akhale ochepa: "Anadina chifukwa ndinawauza ndine. Chimene chawononga ndi njira yachidule imene ndinatenga." Za ntchito zinayi zija ndi mafoni a ola lililonse musazitchule, zidzamveka ngati mukugawa mlandu. Akazi anu auzeni lero, asakamve kwa achimwene awo.

Kenako ikani tsamba limodzi losavuta, la mitengo ndi nambala ya foni, kuti a kusukulu aja akatsegula apezepo kanthu. Pobweza zinazo, pangani mwana uja. Mukapeza mpata onaninso mawebusayiti ena amene munapanga mothamanga. Ndikukayika ngati msamphawu unali umodzi.

Mwati mwatopa, ndakumvani. Gawo lina la kutopako ndi udindo wa munthu wosalakwitsa umene mwasenza kuchibaleko. Palibe amakulipirani pa udindo umenewo. Utuleni.

Chenjezo langa: musayembekezere kuyamikiridwa. Alamu adzakalipa, ndipo kubweza mawu pamaso pa wantchito n'kowawa kwa bwana aliyense, ndiye mukamaliza kunena zanu tulukani panja, muwasiye ayankhulane ndi mayiwo awiriwiri. Akakuitanani adzafunsa kuti tsamba libwerera liti. Muwauze tsiku ndi ola limene mungakwanitse, osati limene akufuna kumva.

Aphungu