Phewa la chiloboti

Loweruka. Tsiku labwinoko.

Ndinapitanso ku babashopu ya pa Nsipe komwe anyamata amasewera gemu pa TV. Ine ndimangoonerera chakumbuyo, sandidziwa n'komwe. Chiloboti chimene chinkawavuta mu gemu yakale chabweranso mu yatsopanoyi, chitanenepa, ndipo chinawapha onse. Koma khalidwe sichinasinthe: chisanawombe chimayamba chatsitsa phewa lamanzere.

Pakamwa panangotseguka pokha. "Dumphani tsopano!"

Achimwene ometa anthu pa babashopupo, omwe anali ndi rimoti, anadumpha, n'kupulumuka.

"Iwe, kani umalankhula? Tagwira tione," anatero akundipatsa rimoti.

Ndinailandira. Chinandipha ndithu, koma nditachithyola mkono umodzi, zomwe aliyense zinamukanika. Palibe anandiseka.

Potuluka, achimwene aja anandifunsa dzina. Akuti mawa tikaweruka kutchalitchi ndisachedwe, ndiye mkono watsalawo...