Ndalowa M'chikuta, Amayi

Okondedwa Amayi,

Landirani moni kuchokera kuno ku Zomba. Kaya msana uja wasiya kukuvutani? Dengu la tiyi muzilidzaza mwachifatse, akapitawo sadzakugulirani msana wina. Ine ndili bwino, kungoti nsapato za unamwinozi zanditulutsa matuza.

Ndili ndi nkhani, ndipo ndikudziwa kuti muyamba mwakwinya nkhope. Tsiku lonyamuka munandiuza kuti ndiphunzire kubaya jakisoni ndi kutsuka mabala, koma m'chikuta ndisapondemo, chifukwa wosabereka saona zimenezo. Amayi, Lachiwiri ndinapondamo.

Kuchipatala kuno kunabwera mtsikana wina, Olivia, mimba yoyamba, ali ndi apongozi ake a ku Thekerani. Apongoziwo anatsekereza pakhomo n'kundifunsa ngati ndili ndi mwana. Nditati ayi, anati nditsale panja. Sisitala Mildred, amene amatiphunzitsa, anali atatanganidwa ndi mayi wina wotaya magazi, panalibenso wina. Ndinagwada n'kuwapempha m'Chilomwe kuti ine ndikhale manja, iwo akhale maso. Kenaka anamasula chitenje chawo n'kundimanga nacho pamwamba pa yunifomu, ati tsopano ndakula, ndilowe.

Mwana anabadwa wamkazi, wa mawu ngati wezulo ya akapitawo. Amutcha dzina langa, Eunice. Ndasangalala, Amayi, mpaka lero ndikumangoseka ndekha ngati wozungulira mutu.

Sisitala anaseka chitenjecho koma sanandivule. Ati ngakhale mayi wa ku Ulaya amene anakonza ntchito ya unamwino kalekale, makolo ake ankamukaniza poyamba.

Ndili m'katimo mtima unali pa achemwali anga a Rhoda, amene anatisiya ndi pakati pa thirakitala tikuthamangira ku Boma, tonse titangogwira m'mutu osadziwa chochita. N'chifukwa chake sindinakumvereni. Ndikamaliza ndidzagwira ntchito kwathu komweko.

Pempho langa ndi limodzi. Mwezi wamawa tidzayatsa makandulo ndi kulumbira lumbiro la unamwino, ndipo makolo aitanidwa. Mubwere ndithu, mutenge chitenje cha achemwali chimene munasunga pansi pa sutikesi chija.

Mundiperekere moni kwa abambo, amalume a Stafford ndi mlongo wanga Limbikani. Ameneyo mumuuze kuti njinga yanga si ya kabaza.

Ngati mwandikhululukira, Amayi, sipadzafunika kunena kanthu. Mudzangondimanga chitenjecho ndi manja anu.

Ndine mwana wanu,
Eunice