Pikapu Yanu Yasiya Kunjenjemera

Lusk, Wyoming
9 Novembala 2014

Okondedwa achimwene a Royce,

Ndikhulupirira kuti kuzizira kwa ku Alaska sikunakuumitseni zala, poti ife kuno timangoganiza choncho tikaona kuti kalata simulemba, foni simuimba. Kuno chipale chofewa chayamba kale kugwa, ana ali bwino, ndipo amuna anga a Merle akunenepabe ngati pali mpikisano.

Ndikulemba za pikapu yanu ija munaisiya kuseri kwa galaja ya bambo. Mukukumbukira mmene munaikwezera m'mwamba, mpaka ine kufuna makwerero kuti ndilowemo? Bambo anakuuzani kuti mwapendeketsa shafuti, chitsulo chachitali chija chozunguza matayala akumbuyo, ndipo galimoto izinjenjemera ngati chigayo. Inu munati iwo ndi achikale, iwo anati inu ndinu gonthi, m'mawa mwake munanyamuka osatsanzika. Awiri inu makani anu ndi amodzi.

Chilimwe chapitachi bambo anaikokera m'kati, ati ikuwaphera udzu. Anasintha timitanda takumapeto kwa shafuti, analemba ndi choko kuti mbali ziwirizo ziyang'anizane bwino, kenako analowetsa tizitsulo topyapyala pansi pa masipuling'i akumbuyo kuti kupendekeka kuja kuchepe. Nditawafunsa chimene akuvutikira, anayankha ali chigonere pansi pa galimoto.

"Ikasiya kunjenjemera ndimuimbira adzatenge chigalimoto chakechi. Sindingamuitane ntchito isanathe."

Mayesedwe awo mukuwadziwa. Makina sawakhulupirira. Amafuna wina ayendetse, iwo n'kuika chikhatho pansi pakati pa mipando, atatsinzina. Woyendetsa ndinali ine, mumsewu wa ku Manville. Kwa ine galimoto inkangoti myaa, koma iwo ankapukusa mutu.

"Zikadalipo, mwanawe. Bwerera."

"Bambo, ine sindikumva kanthu."

"Iwe ungamve chiyani? Si iwe unakafika kutchalitchi ndi tayala lakuphwa osadziwa?"

Tinkabwerera, kumasula, kumanganso, mpaka masamba anayoyoka m'mitengo. Achimwene, ine ndinali nditaona kale. Ndinaona sipanala ikugogoda pa nati isanalowe, ndinaonanso akubisa dzanja lamanja m'thumba anthu akabwera. Pakamwa pankandilemera, koma mtima unkandiwawa nthawi zonse akakwawira pansi pa galimotoyo kukafuna vuto loti palibe.

Lachinayi lapitali ndinadzaza khofi m'kapu yawo n'kuiika pa dashibodi, monga ankachitira iwo eni pofuna kugonjetsa kasitomala wamakani. Tinathamanga mpaka pa liwiro lija inkayambira kuvuta. Khofi anangoti bata. Bambo anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anachotsa chikhatho pansi n'kunyamula kapuyo. Khofi anatayikira pa buluku lawo.

"Ima pambali," anatero.

Ndinaima. Ng'ombe za mlimi uja, a Pruitt, zinkatiyang'ana kuseri kwa waya.

"Ndiye kuti galimotoyi inachira kalekale."

"Eya, bambo."

"Basi ndinagwira ntchito yabwino, eti?"

Amene analira ndi ine, iwo ankangopukuta bulukulo ndi chipewa.

Adokotala ku Casper akuti ndi nthenda yonjenjemeretsa ija, yosachiritsika, mankhwala amangoichedwetsa. Galaja adzatseka Khirisimasi isanafike. Pikapu yanu aitsuka, mafuta adzaza, makiyi apachika pa msomali wapakhomo, koma foni sanaimbebe. Amainyamula n'kuibwezanso, ati mabatani ake ndi aang'ono kwambiri. Ine ndikudziwa kuti akuopa kuti muwayankha zija munawayankha tsiku lija.

Sindikukupemphani kuti mudzapepese, pakhomo pathu mawu amenewo sanamvekepo. Ndikungopempha kuti mubwere msewu usanatsekeke ndi chipale, mudzaiyendetse iwo ali pambali panu, mudzawauze ndi pakamwa panu kuti ikuyenda bwino. Ine ndanena mpaka kutopa, koma amene akufuna kumva mawu ake ndi inu.

Ana akupereka moni, a Merle nawonso. Bambo ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Akuti ndikuuzeni kuti ntchito ya pa galimoto yanu yatha, ndipo za dzanja ndisatchule. Nditafika pakhomo anandiitananso, akuti muzivala magolovesi kumeneko, manja muziwasamala.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Twila