Sindidzalira Thunthu la Nthochi

Bangwe, Blantyre
9 Ogasiti 2025

Okondedwa Amayi,

Choyamba ndifunse za moyo wanu. Mwendo unkatupa uja uli bwanji masiku ano? Mukupitabe kukatenga mankhwala, kapena mwayambanso zanu zija zonena kuti mwachira chifukwa mwagona bwino tsiku limodzi? Ine kuno ndili bwino, adzukulu anunso ali bwino. Takhuta chifukwa cha mapira ndi khobwe munatumiza zija, zinafika thumba lake losabooka.

Lilian mng'ono wanga, ndikudziwa kuti ukuwerenga ndiwe, poti maso a amayi sakuonanso zilembo. Uwerenge zonse mmene ndalembera, usadumphe mzere ngakhale umodzi pofuna kuwasungira mtima. Ndalemba kalata m'malo moimba chifukwa foni ya kwanuko imayankhidwa pabwalo, ndipo nkhani isanafike bwino kwa mwini wake imakhala itafika kale kumsika wa Sorgin.

Kuno kukuzizirabe. Ife a kuchigwa tazunzika nacho chisanu chaka chino, moti Raphael amapita kusukulu atavala majuzi awiri, anzake nkumamuseka. Dzino lake lakutsogolo laguluka sabata yatha, akungoyenda akuonetsa aliyense. Tithokoze wakhoza mayeso, akupita Sitandade 5. Wayamba kundikonza Chichewa mwanayu, akuti ndimayankhula ngati ndikuimba, ndisamamuitane m'Chisena pamaso pa anzake. Ndinamuuza kuti lilime limeneli ndi limene likumudyetsa, chifukwa ku Limbe anthu akamva mawu anga amadziwa kuti mlamba wanga ndi wa kwathu weniweni. Malonda akuyenda, kungoti anthu a m'tauni amanunkhiza nsomba nthawi yaitali asanagule imodzi.

Tsopano nkhani imene ndalembera. Uthenga wa alamu a Geresomo, akulu ake a mwamuna wanga Fanizo, ndinaulandira, ndipo ndamva kuti kwa inunso anafika. Akuti popeza mtembo wa mwamuna wanga sunapezeke chichokere madzi a namondwe Freddy, Loweruka pa 23 mwezi uno adula thunthu la nthochi, alikulunge m'nsalu yoyera, akaliike m'manda ku Makhanga m'malo mwa Fanizo. Akuti ine ndifike Lachinayi ndi ana, ndikhale m'nyumba ya maliro, ndimetedwe, ndikhale wamasiye pamaso pa onse. Za mwambo wina uja amachitira akazi amasiye sanazitchule, koma ndikudziwa kuti akunong'onezana ngakhale atchalitchi amaletsa.

Amayi, sindibwera. Ana anganso sabwera.

Ndikudziwa zimene azinena. Azinena kuti tauni yandiumitsa mutu, kuti ndapeza wina ku Limbe, kuti ndalibe chisoni kuyambira kale. Anene! Inu munalipo. Munaona mmene ndinayendera m'mphepete mwa Shire masiku asanu ndi anayi bwato lake litapezeka litagadabuka, ndili ndi Raphael kumbuyo. Kampu ya ku Bangula ndinailowa tenti ndi tenti. Mitembo imene amuna ankaopa kuiyandikira ine ndinaivundukula kumaso, mpaka chakudya chinandikana mwezi wathunthu. Zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndakhala ndikupemphera kuti ngakhale fupa lake lokha lipezeke. Munthu asandiphunzitse kulira Fanizo, ndinamulira mokwanira.

Chimene simukudziwa ndi ichi. Mukuwakumbuka a Hilario a ku Chiromo, amene amatibweretsera nsomba zouma kuno kumsika? Masiku ano amakatenga katundu wina ku Mozambique. Mwezi watha anafika pa benchi panga nkhope ili yogwa, nandipempha kuti tiime pambali. Anati ku Morrumbala, kumsika, kuli munthu wokonza njinga amene akufanana kwambiri ndi bambo a Tithokoze. Ine ndinawakalipira, ndinati asamasewere ndi chilonda cha munthu. Iwo anangotulutsa foni nkundionetsa chithunzi.

Amayi, ndi Fanizo. Wanenepa, wasunga ndevu, koma ndi iyeyo. Wagwira gudumu la njinga ndi dzanja lamanzere, ndipo chala chija chinadulidwa ndi chikwanje tikulambula dimba chikuoneka poyera. Ndinakhala pansi pomwepo pamatope a mumsika. Choyamba ndinasangalala, sindikubisirani. Ndinaseka ndikulira, amayi anzanga ogulitsa nkumaganiza kuti ndazungulira mutu. Ndinkati mwina anavulala, mwina anaiwala dzina lake, poti zimachitika munthu akamwa madzi ambiri. Chifundo chonse ndinamuchitira ndisanamve mawu ake.

A Hilario anali atalemba nambala imene ili pachikwangwani cha pamalo ake okonzera njinga. Ndinaisunga masiku atatu ndikuiopa. Lachinayi masana ndinaimba. Anayankha yekha, nafunsa m'Chisena kuti akuyankhula ndi ndani. Nditanena kuti ndine mayi wa Tithokoze, ndinamva khanda likulira pafupi naye.

Sanaiwale chilichonse. Anandiuza kuti madzi anamutengera kutsidya ku Mozambique, asodzi anamuvuula, nagona m'kampu ya kumeneko akudwala, ndipo mayi wina ndi amene ankamusamalira. Akuti atachira anamva kuti nyumba yathu, mbuzi ndi nkhokwe zonse zinapita, ndiye anachita mantha kubwerera chimanjamanja. Mwezi unatha, wina unatha, kenaka manyazi anamukulira. Panopa mayi uja ndi mkazi wake, khanda lija ndi lake. Ine ndinamufunsa ngati amaganiza kuti ine ndi ana tinatsala ndi chiyani m'manja tsiku lija.

Ndiye ndinamuuza kuti kwawo akukonzeka kumuika m'manda pa 23. Apa ndi pamene mtima wanga unapsa, chifukwa sanadabwe ngakhale pang'ono. Anati akudziwa, akulu ake anamuuza. Lilian, pamenepa ubwereze kawiri kuti amayi amvetse. A Geresomo akudziwa kuyambira chaka chatha kuti mng'ono wawo ali moyo, amayankhulana. Anagwirizana awiriwa kuti nthochi ikaikidwa nkhani ithera pomwepo, banja lawo silichita manyazi, ine ndimasulidwa ndizipita kwanga, aliyense mtima m'malo. Fanizo anachita kundipempha kuti ndingokhala chete, ndipite ndikalire masiku awiri okha, zikhala zophweka kwa tonse.

Asa! Zophweka kwa ndani? Ine ndikagubuduke m'fumbi la ku Makhanga, ndimetedwe mpala, ana anga aponye dothi pa nthochi akuitana bambo awo, mwini wake ali ku Morrumbala akupopa matayala? Abusa aime pamanda atsegule Baibulo, ine ndikudziwa kuti zonsezo ndi bodza? Ndinamuuza kuti anandiyesa chitsiru zaka ziwiri ndisakudziwa, koma sindidziyesa ndekha chitsiru ndikudziwa. Anadula foni. Ndinaimbanso kawiri, sanayankhe.

Mwambo wa nthochi sindikuunyoza ayi. A Esinala, oyandikana nafe aja ku Makhanga, anaikira mwana wawo chomwecho, ndipo ndinaona kuti mtima wawo unatsika, anayambanso kudya ndi kulima. Umenewo ndi wa anthu amene madzi anawatengadi. Kuutenga nkuphimbira mwamuna wothawa banja ndi kunyoza onse amene anafadi chaka chija, ndipo ine dzanja langa siligwirako.

Ana ndawauza. Ndinaganiza masiku angapo zowabisira, koma ndinaona kuti akadzamva kwa ena adzandida ine. Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinawakhazika pamphasa nkuwaonetsa chithunzi. Raphael sanamuzindikire, anangofunsa ngati bamboyo angamukonzere njinga. Tithokoze anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati bambo ake anasokera njira yobwerera. Ndinamuuza kuti njira akuidziwa. Tsiku limenelo sanadye, ndipo mpaka pano sanaitchulenso nkhaniyi. Zimenezi zikundiwawa kuposa zanga zomwe, Amayi.

Amene ndikuwamvera chisoni kwambiri ndi apongozi anga aakazi. Mayi amene uja sanandilakwirepo. Raphael atabadwa anandisamala ngati mwana wawo, ndipo a Hilario akuti panopa aonda, amakhala pakhonde kuyang'ana kumtsinje. Ana awo awiri akufuna awalirise maliro a munthu wamoyo. Nkhaniyi iwapweteka, ndikudziwa, komabe ndi mayi, ayenera kumva kuti mwana wawo akupuma.

Pempho langa ndi limodzi. Sabata ikubwerayi, tsiku la mwambolo lisanayandikire, mutenge atsibweni a Antonio, poti ndiwo anali nkhoswe yanga, muoloke pa Mtayamoyo mupite ku Makhanga. Madzi ndi ochepa nyengo ino, bwato silivuta, ndipo kutsidya mukwere njinga, musayende pansi ndi mwendowo. Mukafika musayambire kwa a Geresomo, angakuzungulitseni ndi mawu awo okoma aja. Mupite kwa apongozi aakazi, mukhale nawo pansi muli awiri, muwauze mofatsa monga mayi kwa mayi mnzake. Chithunzi ndachitsukitsa, chili m'envulopu momwemu, nambala ndalemba kuseri kwake. Akafuna aimbe okha amve mawu a mwana wawo. Akatero ndiye atsibweni aitane a Geresomo, awafunse pamaso pa abale awo kuti ankafuna kuika ndani m'mandamo.

Mwina muchita mantha kuti tiyambana ndi banja lonse la kutsidya. Mwinanso atsibweni anena kuti nkhani za m'banja sitiulula chonchi, ndikanayamba ndabwera tikambirane. Muwauze kuti ndikuwalemekeza, koma pa ichi sindisintha. Mukakana kupita inu, ndilembera abusa a ku Makhanga ndekha, ndipo a Hilario avomera kale kukaikira umboni. Ndikungofuna kuti apongozi amve kuchokera kwa munthu wowakonda, asamve pagulu.

Musaganize kuti ndikufuna Fanizo abwerere kwa ine. Ndinamukonda, ndipo pena ndimadzidabwa kuti ndikuthokozabe Mulungu kuti sanafe. Koma pakhomo panga sadzalowanso. Ukwati wathu anaumanga ndi ankhoswe, anthu akuona, ndiye authetsenso ankhoswe, iyeyo atakhala pomwepo ndi ndevu zakezo, anene ndi pakamwa pake kuti anatisiya. Akatero ana adzadziwa kokawapeza bambo awo akadzafuna. Ine si wamasiye, ndine mkazi wosiyidwa, ndipo manyazi ake si anga.

Mundiyankhe msanga mukabwerako. Kalata mumupatse dalaivala yemweyu amene wakubweretserani iyi, amadutsa pa Sorgin Lachiwiri ndi Lachisanu. Ndatumizanso juzi lanu ndi mafuta opaka mwendo, musawapatse anthu ena monga munachitira ulendo watha.

Mupereke moni kwa atsibweni ndi akazi awo, kwa azakhali a ku Phokera, kwa achimwene a Pius ndi alamu, ndi ana onse a pakhomo. Lilian, zikomo powerenga, ndikudziwa kuti sizinali zophweka kuzitulutsa pakamwa. Adzukulu anu akuti akusowani, Raphael akuti mumusungire bwemba.

Kusukulu kwa ana, kutchalitchi ndi kumsika ndawauza kale kuti asiye kundiitana Mayi Fanizo. Inunso poyankha mulembe pa envulopu dzina limene munandipatsa inu ndi malemu bambo.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Priska Lazaro